Ola la Nkhomaliro ndi Langa

Mayeso omaliza a ukauntanti ndinalephera kawiri. Wofuna kuseka aseke, koma asanene kuti ndine mbuli. Ntchito ndimaidziwa. Pa kampani yathu yogulitsa simenti, malata ndi penti, mabuku onse ankadutsa m'manja mwanga, ndipo panalibe mwezi umene ndinatseka mbali ziwiri zisanafanane. Chimene chinkandigwetsa n'chomwecho.

Pa mayeso amenewa funso loyamba limakhala lalitali. Amakupatsa manambala a kampani yongopeka kuti ukonze balansi shiti, pepala limene mbali ina limaonetsa zimene kampani ili nazo, mbali ina kumene zinachokera. Mbali ziwirizo zimayenera kufanana. Ulendo woyamba zanga sizinafanane, ndiye ndinabwerera pamwamba kukasaka pamene ndaphonya. Ndinasaka, ndinasaka, mpaka ndinangomva oyang'anira mayeso akuti tiike zolembera pansi, mafunso enawo ndisanawawerenge n'komwe. Ulendo wachiwiri ndinalumbira kuti sindibwereza. Ndinabwereza ndithu. Dzanja linkangobwerera lokha pamwamba pa tsamba.

Aphunzitsi athu a kalasi ya Loweruka, bambo odwala msana amene ankaphunzitsa atatsamira khoma, anandiitana anzanga atatuluka.

"Mayi, vuto lanu si mutu," anatero. "Inu mumalowa m'mayeso ngati mwalowa mu ofesi. Ku ofesi zikapanda kubalansa simupita kwanu. Ku mayeso zikapanda kubalansa mumataya timalikisi tochepa. Inu mumataya pepala lonse pofunafuna timalikisi tomweto."

"Ndiye ndizisiye zolakwika, ndikuziona ndi maso angawa?"

"Muzisiye mukuziona. Ndipo lamulo la bungwe la mayeso mukulidziwa. Mukalephera ulendo uno, mapepala onse amene munakhoza kale aja atha ntchito. Mudzayambira pansi."

Kuyambira pansi, ine, mayi wa ana awiri, imvi zitayamba kale kusuzumira pamphumi. Ndinadziwa kuti mphamvu zoyambiranso ndinalibe. Ukhale ulendo uno kapena basi.

Mankhwala amene anandipatsa anali osavuta kuwanena. Tsiku lililonse ndipeze ola limodzi, ndikhale ndi wotchi, funso lililonse ndilipatse nthawi yake. Wotchi ikalira nditembenuze tsamba, ngakhale ndili pakati pa nambala.

Koma ola limenelo ndikanalitola kuti? M'mawa ndi kusambitsa ana ndi kuthamangira basi. Madzulo ndi kuphika ndi kuchapa mayunifolomu, ndipo ndikangotsegula buku maso ankadzitsekera okha. Ola lokhalo limene dzina langa linalembedwapo linali la nkhomaliro, ndipo nalonso ndinali nditalipereka kalekale osadziwa.

Pa ofesi pathu panali lamulo limene palibe analilemba: nthawi ya nkhomaliro ikakwana, amene watsala pampando ndiye mwini mavuto onse. Foni ikalira ndi yake. Dalaivala wofuna chidindo kuti atulutse lole ndi wake. Kasitomala wotaya lisiti ndi wake. Abwana akasowa fayilo imene aikhalira okha, ndi yake. Anzanga ochenjera ankatuluka nthawi isanakwane n'komwe. Ine kwa zaka zambiri ndinkatsala, dzanja lina lili m'kontena ya chakudya, lina pa kalikuleta, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ndine wolimbikira. Kuyamikira kwa mtundu umenewo n'chingwe.

Kuseri kwa masitepe kunali kachipinda kosungiramo mafayilo akale. Zenera kanalibe, kanali ndi kabowo kolowera mpweya basi, ndipo m'katimo munkanunkha fumbi la simenti ndi mapepala onyowa. Munali mpando wothoka chotsamira. Ndinasanjikiza makatoni awiri a mainivoisi kukhala tebulo. Kunyumba ndinatenga wotchi yathu yofiira ya kuchipinda, ija ya mabelu awiri pamwamba, yolira ngati nyumba ikupsa. Lolemba nthawi itakwana ndinadya mofulumira chiimirire, ndinazimitsa foni, n'kulowa m'kachipindamo.

Tsiku loyamba wotchi inalira zisanabalanse. Ndinakhala ndikuyang'ana manambala awiri apansiwo, ina yaikulu ina yaing'ono. Ndinkachita kumva kuti cholakwikacho chili pafupi, mwina pamzere wachitatu kuchokera pamwamba. Ndinatembenuza tsamba ngati ndikumatula pulasitala pachilonda. Masana onse kusiyanako kunkandiyenda m'mutu, ndipo pa basi ndinapitirira siteji yathu.

Mnzanga wa pakauntala, amene tinkamutchula kuti Wailesi chifukwa nkhani ikamulowa m'khutu sigona, sanachedwe kuulutsa. Sabata yoyamba anauza madalaivala kuti ndimakagona m'kachipindamo. Yachiwiri anati ndalowa mpingo wosala kudya. Yachitatu anabwera yekha n'kundigwira paphewa.

"Asisi, ngati ndi pakati tiuzeni, tizikuthandizani kunyamula mafayilo."

"Ndi pakati pa buku," ndinamuuza. "Kaulutse zimenezo."

Amene sanaseke ndi abwana. Tsiku lina ndili mkati mwa funso la misonkho ndinamva kugogoda, kenako chitseko chinatseguka ndisanayankhe. Anaima pakhomo, tayi atamasula, m'manja muli fupa la nkhuku.

"Mayi, foni ya pa desiki panu yakhala ikulira."

"Ndi nthawi ya nkhomaliro, bwana."

"Nanga mukudya?"

"Enawo simuwafunsa chimene akuchita ndi ola lawo."

Anayang'ana makatoni, wotchi, buku langa lodzaza timapepala tachikasu. "Ndikudziwa zimene mukuchita. Mukufuna kasatifiketi kameneko kuti mutithawe. Kale munali munthu womvera, Mayi."

"Kale ndinkalephera mayeso, bwana."

Maso sindinagwetse. Anatseka chitseko mwamphamvu moti fumbi linagwa pamashelefu. Ndinapukuta buku n'kupitiriza funso la misonkho. Kuyambira tsiku limenelo ntchito zonse zamwadzidzidzi zinkafika pa desiki panga nthawi ya nkhomaliro itangotsala pang'ono. Ndinkazilandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kuzitsindira ndi sitepulala, n'kupita kuseri kwa masitepe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene anali pachangu anaphunzira kumene chidindo chimakhala.

Kunyumba nkhondo inali ina. Bambo akunyumba amakonza mafiriji, ndipo ndi munthu wanthabwala. Ankanditchula kuti Akauntanti Wamkulu, ndipo kwa anzawo ankanyadira kuti mkazi wawo amawerenga mabuku olemera kuposa kompuresa ya firiji. Koma bambo omwewo nthawi ya nkhomaliro ndi imene ankakumbukira kuti ali ndi mkazi. Kiyi wa bokosi la zipangizo ali kuti. Kodi mafuta ophikira atha. Malaya abuluu aja munawachapa. Nditayamba kuzimitsa foni anadandaula pang'ono, kenako anazolowera kusunga mafunso awo mpaka madzulo.

Ndiye linafika tsiku lija. Wotchi italira komaliza ndinayatsa foni, ndipo inayamba kunjenjemera osaleka. Kusukulu anaimba kambirimbiri. Mwana wathu wamng'ono anali atagwa pampanda n'kutemeka pamphumi. Atandisowa ine anafufuza m'mabuku awo mpaka anapeza nambala ya bambo ake, amene anasiya firiji ya kasitomala ili yasa n'kuthamangira kumeneko. Pamene ndinkafika kuchipatala anali atamusoka kale, mwanayo atakhala pamiyendo pa bambo ake akuyamwa switi. Malaya a bambo ake anali magazi okhaokha.

Tinabwerera kunyumba. Bambo akunyumba anadikira kuti ana adye n'kupita kukasewera panja.

"Mwana akukha magazi, mayi ake atadzitsekera ndi buku," anatero. "Akanati wafa?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinali nditadzifunsa kale funso lomwelo pa basi, ndipo ndinalira njira yonse. Koma misozi ndinali nditaimaliza kumeneko.

"Anapeza bambo ake," ndinayankha. "Kodi bambo si kholo?"

"Musandiyankhe ngati muli ku ofesi."

"Ku ofesi sindiyankha chonchi. N'chifukwa chake anandikwera pamutu zaka zonsezi."

"Ndiye mawa foni muzimitsanso?"

"Ndizimitsa."

Anandiyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo. "Mapanga awiri avumbwitsa, Mayi. Sankhani."

"Tsiku lili ndi maola ambiri, Bambo, ndipo onsewo ndi anu, ndi a ana, ndi a abwana. Ine ndapempha limodzi. Ndipo sindikupemphanso, ndatenga."

Mawa lake ndinazimitsa foni ndithu. Sindinama, ola limenelo sindinamve chilichonse chimene ndinawerenga. Ndinkaona chipumi cha mwana wanga pa tsamba lililonse, ndipo ndinkadziona ngati mayi woipa kuposa onse. Koma ndinakhala mpaka wotchi inalira. Bambo akunyumba anasiya kundiyankhula. Nthabwala zinatha, dzina la Akauntanti Wamkulu linatha, uthenga unkadzera mwa ana: kauzeni amayi anu kuti sopo watha. Ndinavala zilimbe. M'kachipinda muja zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Wotchi ikalira dzanja linkazengereza, koma tsamba linkatembenuka. Loweruka lina aphunzitsi anayang'ana ntchito yanga, funso loyamba losabalansa, ena onse oyankhidwa mpaka pansi, ndipo anachoka pakhoma paja n'kundigwira chanza.

Tsoka lake mayeso anagwera tsiku lotsatana ndi kutseka mwezi. Tchuthi cha tsiku limenelo abwana anali atandisainira kalekale, mwina asakuyang'ana. Dzulo lake masana ndinayerekeza buku lathu ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo sizinagwirizane. Ndinayang'ana macheke, ndinayang'ana madipoziti, ndinabwereza malisiti a pakauntala limodzilimodzi. Kusiyanako kunangokhala phee. Eni kampani ankabwera mawa lake kudzaona mabuku, ndipo abwana ankayendayenda kumbuyo kwanga thukuta lili kamukamu.

Nthawi yoweruka itakwana ndinayamba kulongedza.

"Mukupita kuti?"

"Kunyumba, bwana. Mawa ndili ndi mayeso."

"Palibe mayeso zisanabalanse. Mukhale mpaka muzipeze. Zikakanika mubwere m'mawa mumalize, kenako muzipita kumayeso anuwo."

"Mayeso amayamba m'mawa. Ochedwa salowa."

"Zanu zimenezo."

Ndinayang'ana manambala awiri aja pa kompyuta. Ndikudzidziwa ine. Ndikanangokhalanso pampando paja sindikanadzuka mpaka nditapeza, ndipo ndikanapeza ndithu, kaya kunja kukucha. Kenako ndikanalowa m'mayeso mutu uli phala, kapena osalowa n'komwe. Ndipo chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'choti ndinkafuna kukhala. Thupi lonse linkafuna kukhala. Abwana ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake anangoima atapinda manja, akudikira kuti ndikhale ndekha.

Ndinawasonyeza zimene ndaona kale ndi pamene patsala. Kenako ndinazimitsa kompyuta. Ndinapita kuseri kwa masitepe kukatenga wotchi yanga ndi buku langa. Wailesi anali atayima pakauntala pakamwa pali pululu, kwa nthawi yoyamba alibe choulutsa.

"Mukatuluka pakhomopo zisanabalanse, musadzabwerenso," anatero abwana.

"Ndamva, bwana. Tsalani bwino."

Ndili pa siteji miyendo inkafuna kubwerera. Mwina ndi chindapusa cha kubanki chimene sindinachilowetse, mwina ndi cheke cholembedwa kawiri. Basi itafika ndinakwera msanga, n'kukhala pakona pamene kutsika n'kovuta. Walira mvula walira matope, ndinadziuza. Mantha ndinali nawo, osati pang'ono. Nyumba ya lendi, ana awiri pasukulu, ndipo mafiriji sawonongeka tsiku lililonse.

Kunyumba sindinatume ana. Ndinaima pamaso pa bambo akunyumba n'kuwauza kuti ntchito yatha ndi mmene yathera. Anamvetsera akupukuta sipanala ndi kansalu.

M'mawa ndinadzuka kuti ndisambitse ana, ndinawapeza atasamba kale, atavala, wamng'onoyo sokosi zosiyana mitundu. Bambo awo anali atagwada akumumanga zingwe za nsapato.

"Foni yanuyo isiyeni pano," anatero, maso ali pa nsapato. "Isakusokonezeni."

"Nanga kusukulu akaimba?"

"Saimbanso kwa inu. Ndinakasinthitsa. Nambala yoyamba ndi yanga."

"Liti?"

"Mawa lake la tsiku lija."

Masabata onse aja akundiyankhula kudzera mwa ana, ine ndikuzimitsa foni mtima uli m'mwamba, anali atapita kale kukaima pa ofesi ya sukulu ndi ovolosi yawo. Ndinafuna kuwakalipira chifukwa chosandiuza, ndinafunanso kulira. Nthawi ya zonse ziwirizo panalibe. Ndinaika foni pa tebulo n'kutenga kalikuleta ndi zolembera.

"Sokosizo n'zosiyana," ndinatero ndili pakhomo.

"Zisiyeni," anayankha. "Pitani."

Holo ya mayeso inali yozizira, madesiki ali ndandanda, wotchi yaikulu ili kutsogolo. Ambiri anali ana aang'ono kwa ine, ena otafuna chingamu. Funso loyamba linali lalitali monga mwa masiku onse. Ndinalilemba modekha, mzere ndi mzere, ndinawonkhetsa mbali yoyamba, ndinawonkhetsa yachiwiri. Sizinafanane.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Kachitatu konse! Ndinayang'ana wotchi yakutsogolo ija, nthawi ya funsolo inali itatha. Munalibe belu m'holomo, koma ine ndinalimva m'mutu, mabelu awiri aja. Dzanja linali litanyamuka kale ulendo wa pamwamba pa tsamba. Ndinaligwira ndi linzake, ndinaluma mlomo mpaka kumva kuwawa, n'kutembenuza tsamba.

Ndinayankha la misonkho. Ndinayankha la kuwerengera katundu wotsala. Lomaliza ndinalilemba zala zitauma, zilembo zikupendekeka. Nditatembenuza tsamba lomaliza ndinapeza mawu amene pa maulendo awiri aja sindinawaonepo, olembedwa pakati pa pepala loyera, onena kuti mafunso athera pamenepa. Ndinali ndikuwayang'anabe pamene anati tiike zolembera pansi.

Ku ofesi sindinabwerere, ndipo iwo sananditumire munthu. Patapita masiku Wailesi anaimba, mawu ali pansipansi ngati akuba.

"Asisi, kusiyana kuja anakupeza. Mukudziwa kuti kunali pati?"

Makutu anga anaimirira. Ndinkafuna kudziwa kuposa mmene ndimafunira madzi ndikadzuka.

"Usandiuze," ndinatero.

"Iii, Asisi, n'zoseketsa, mungomva."

"Ndati usandiuze. Ana ali bwanji?"

Mpaka lero sindikudziwa, ndipo ndimagona.

Miyezi yodikira zotsatira inali yowawa. Tinachepetsa zambiri, ndipo bambo akunyumba anayamba kukonzanso mafani ndi maketulo, zinthu zimene kale ankati n'zonyozetsa. Koma ola langa sindinalisiye. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ndinkasiya chilichonse pamene chili, kaya mbale zili ndi thovu m'beseni, n'kuzimitsa foni, n'kudzitsekera kuchipinda ndi wotchi yofiira. Ndinkalemba makalata ofunsira ntchito, ndipo ndinkabwerezanso mafunso akale, chifukwa munthu sudziwa.

Tsiku lina ndili m'katimo ndinamva njinga ya bambo akunyumba ikuima panja nthawi imene sabwera. Ndinamva mapazi akufika pachitseko cha kuchipinda n'kuima. Sanagogode. Pansi pa chitseko ndinkaona mthunzi wa nsapato zawo, ukusuntha pang'ono, n'kubwerera. Ndinapitiriza kulemba. Wotchi italira ndinatsegula, ndinawapeza atatsamira khoma, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi anu aimba kwa ine," anatero. "Akuti zotsatira zatuluka. Akuti muyatse foni."

"Mwakhala pano nthawi yonseyi?"

"Nanga si ola lanu."

Ndinayatsa foni. Zala zinkaphonya manambala achinsinsi, ndinayesa kawiri. Ndinawerenga uthenga wa zotsatira, ndinawerenganso, kenako ndinakhala pansi pomwepo pakhomo. Ndinali nditakhoza. Osati mwaulemerero ayi, ndinangodutsa mzere ndi timalikisi tochepa ngati tija aphunzitsi ankati nditaye. Ndinalira mokweza ngati mwana, ndipo sindinachite manyazi.

Bambo akunyumba ananjuta pambali panga n'kuyang'anitsitsa foniyo, ngakhale magalasi awo anali atawasiya kuntchito.

"Ndiye funso loyamba lija linabalansa?"

"Silinabalanse."

"Nanga akupatsani bwanji?"

"Ndinayankha enawo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu n'kuona kuti ndi woyenera. "Akauntanti Wamkulu," anatero pang'onopang'ono. Kenako anadzuka, anapinda manja a ovolosi, n'kupita kubeseni kumene ndinasiya mbale zija theka.